Za Fungo la Petulo ndi Malipiro a Woyeza Galimoto

Makolo athu adati tsoka silinunkha, ndipo pa zinthu zambiri adanena zoona. Koma lilipo tsoka lina la masiku ano limene limanunkha ndithu, limanunkha miyezi, mwina chaka chathunthu, eni ake nalimva m'mawa uliwonse osalisamala, kufikira tsiku limene galimoto ikana kulira pakati pa ulendo, matumba a mbatata ali pamwamba ndipo apaulendo ali m'kati. Aliyense wozolowera kuima pa Linthipe, pamene msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe ulinga ku mapiri a Dedza ndi pamene upatukira wa ku Lobi, adziwa chimene ndikunena. Sienta kapena Probox ikaima kutsitsa anthu, dalaivala nazimitsa injini, pamamveka kafungo ka petulo wosapsa, ndipo munthu akafunsa amayankhidwa kuti, "Ndi mmene ilili galimotoyi, bwana, koma ikuyenda bwinobwino." Ine ndikuti si mmene idapangidwira, ndipo kafungo kameneko ndi mboni pa mlandu umene eni magalimoto ndi amakaniko omwe ali nawo mbali.

Petulo ndi mafuta osakhazikika. Ngakhale ali phee m'thanki amasanduka nthunzi pang'onopang'ono, makamaka dzuwa likaswa mtengo kapena galimoto ikayenda mtunda wautali thanki nifunda. Ndipo thankiyo ikadakhala yotsekeka kotheratu ikadafufuma masana ndi kuphwafuka usiku, pamene ikadakhala yotseguka nthunzi yonseyo ikadathera mumlengalenga. Magalimoto akale adatsata njira yachiwiriyo, pakuti chitsekerero cha thanki chinali ndi kabowo kopumira, ndipo panalibe wodandaula kufikira pamene anthu a mumzinda wa Los Angeles, ku America, adayamba kulira maso ndi chifunga chowawa chimene sankadziwa gwero lake. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 katswiri wina dzina lake Arie Haagen-Smit adaonetsa kuti chifungacho chimabadwa pamene nthunzi ya mafuta ikumana ndi mpweya wina wotuluka m'mainjini, dzuwa nkuziwomba pamodzi. Ndipo zitawerengedwa bwino zidapezeka kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nthunzi yotere yochokera ku galimoto ya nthawi imeneyo silinkadzera ku ekizozi konse, koma linkangofuka kuchokera m'thanki ndi m'kabuleta. Potero dera la California lidalamula mu 1970, ndipo dziko lonse la America mu 1971, kuti galimoto yatsopano iliyonse ya petulo izisunga nthunzi yake, ndipo maiko ena opanga magalimoto, Japan pamodzi nawo, adatsatira m'mbuyo mwake.

Nzeru yake ndi yapafupi, ndipo dalaivala aliyense akhoza kuimvetsa atapatsidwa nthawi yomwera tiyi kapu imodzi. Kuchokera pamwamba pa thanki pamatuluka kapaipi kopita ku kabokosi kakuda kamene amakaniko amati canister, kamene pa magalimoto ena kali m'boneti ndipo pa ena kali kunsi, pafupi ndi thanki. M'kabokosimo muli makala. Osati makala aja a m'matumba ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, koma makala okonzedwa mwapadera, odzala timabowo tosaoneka ndi maso, kotero kuti galamu imodzi yokha, timabowo take titatambasulidwa, ikhoza kuphimba malo oposa masikweya mita 500. Nthunzi ikafika m'menemo imakanirira pa makalawo, mpweya woyera nkutulukira pa kapaipi kena kopumira. Tsono injini ikalira nitentha, kompyuta ya galimoto imatsegula kavalavu kotchedwa purge valve, kamene kali pakati pa kabokosiko ndi injini, ndipo injini, imene nthawi zonse imakoka mpweya, imakoka mpweya watsopano kudzera m'makala muja, nutenga nthunzi yosungidwa ija kukaiwotcha pamodzi ndi mafuta ena. Makala atsala oyera, kudikira nthunzi ya mawa. Magalimoto a dizilo alibe zimenezi, pakuti dizilo safuka msanga ngati petulo.

Wina adzati, "Kodi pa Linthipe ndi pa Los Angeles? Ife kuno mphepo ya ku Chongoni imaseseratu zonse." Adzanena zoona ndithu, ndipo sindidzanama kuti nthunzi yothawa m'thanki imodzi pa tsiku ndiyo ikusaukitsa dalaivala kapena kudetsa thambo la Dedza, pakuti ndi yochepa, ngakhale kuti zochepa zimenezo zikaunjikana chaka chonse zimafika pa malita. Chimene chimandikhudza ine chili pena. M'nthunzi ya petulo muli benzene, mankhwala odziwika dziko lonse kuti amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo woipuma kwambiri si munthu wodutsa pamsewu koma dalaivala ndi kondakitala amene amakhala m'galimotomo kuyambira tambala woyamba mpaka usiku, ndi mayi wokhala mpando wakumbuyo mwana ali pamiyendo. Nthunziyo imayakanso mosavuta kuposa mafuta enieniwo, ndipo kanyenyeswa ka moto ka waya wokhudzana nkokwanira. Koma choposa zonsezi pa thumba la mwini galimoto ndi ichi: zida zimenezi zikaonongeka zimabisala kumbuyo kwa matenda ena, nizichititsa munthu kugula zitsulo zodula zimene sizidalakwe kanthu.

Ndipo dziko lathu lili ndi njira zakezake zoziphera. Yoyamba, imene ndiyesa ndiyo yaikulu, idadza ndi kusowa kwa mafuta. Amene adagona pamizere mu 2011 ndi 2012, ndiponso amene adagonanso kuyambira 2022, adaphunzira kuti tsiku lopeza petulo ndi tsiku lomwetsa mpaka pakhosi. Ndipo mudzaona pa malo omwetsera mafuta pampu itadzizimitsa yokha, dalaivala nauza womwetsa kuti, "Onjezaniko, achimwene," anyamata awiri nayamba kuigwedeza galimoto, ena mpaka kukwezera tayala lakumbuyo pa mwala kuti thanki ipendekeke ilandire lita ina. Sindiwaweruza, pakuti amene sadagonepo pamzere asanyoze wogonapo. Koma pamwamba pa thanki opanga adasiyapo dala malo opanda mafuta, kuti petulo akafunda apeze pofufumira. Malowo akadzazidwa, petulo wamadzi amakwera m'kapaipi kopangidwira nthunzi yokha nakamiza makala aja. Makala omira sagwiranso nthunzi, ndiye gwero la fungo lija. Ndipo pakapita nthawi amafumbutuka, timibulu take nkuyenda m'paipi mpaka kukakhala pakamwa pa purge valve, nayo nikanika kutsekeka. Lita imodzi yopambanitsa ija yabala zovuta ziwiri, ndipo mwini wake sadzaziganizira konse kuti nzapachibale.

Yachiwiri ndi fumbi ndi matope. Magalimoto olowa m'midzi kukatenga mbatata, kabichi ndi tomato amayenda m'misewu yadothi, ndipo kapaipi kopumira kaja, kamene kamayang'ana pansi, kamatsekeka ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, mwinanso ndi tizilombo tomanga zisa m'mabowo. Asaseke wina za tizilombozi, pakuti mu 2011, ndiponso mu 2014, kampani ya Mazda idaitanitsa ku America magalimoto a Mazda6 zikwi makumi angapo chifukwa akangaude ankaluka m'kapaipi kameneka mpaka thanki nkukhala pa ngozi yong'aluka. Tsono thanki ya galimoto ya kuno imafunika kupuma koposa ya kuchidikha. Boma la Dedza lili pa mamita ngati 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita osafika 500. Galimoto yomwera mafuta kotentha ku Golomoti nikwera Khwekhwelere imafika pamwamba thanki itadzala nthunzi yofuna potulukira, ndipo ikagona panja usiku wa mu Juni kapena Julaye nthunziyo imakhwinyata ndi chisanu, thanki nifuna mpweya wolowa.

Pali zinanso zimene ndingozitchula. Petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe, wa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndi wa ku Chikwawa kuyambira 2004, pa mlingo umene wakhala ukusinthasintha pakati pa 10 ndi 20 pa 100. Nchinthu chabwino chimenechi, chopulumutsa ndalama zakunja. Koma petulo wosakaniza amafuka msanga pang'ono ndipo amayesa mapaipi a labala, pamene magalimoto athu ambiri ndi ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, kumene lamulo lidaika malire a ethanol a 3 pa 100 m'petulo wamba, ndipo amafika kuno kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe mapaipi ake atakalamba kale. Onjezanipo petulo wa m'zigubu ndi zinyalala zake, ndi chitsekerero chotayika chimene m'malo mwake mwalowa sanza kapena jumbo.

Taonani tsono mmene matendawa amaonekera. Purge valve ikakanirira yotseguka, galimoto imavuta kulira ikangomwetsedwa mafuta kumene, chifukwa nthunzi yokankhidwa ndi petulo wolowayo yadzaza njira ya mpweya ya injini. Imanjenjemera ikamalira chiimire, mwina nkuzima pa mphambano. Njira yopumira ikatsekeka, pampu ya mafuta imakoka petulo m'thanki yosalowa mpweya, galimoto niyenda bwino makilomita angapo kenaka nkuyamba kufooka pa chitunda. Mukatsegula chitsekerero mumamva mpweya ukulowa mwamphamvu ndi kwa nthawi, mukatero galimoto nkuliranso bwinobwino. Ndipo pa magalimoto ena pampu ya pa malo omwetsera imangodzizimitsazimitsa thanki ili gwangwa. Dalaivala wakumva zotere amathamangira ku galaja, ndipo chiweruzo chimagwa asanatsegule nkomwe boneti: mapulagi, kapena pampu ya mafuta. Zigulidwa, zimangidwa, galimoto nioneka ngati yachira, popeza pomanga pampu thanki idatsegulidwa nipuma; patapita masiku vuto nkubwerera, ndipo mlandu ugwera wogulitsa masipeya kuti adagulitsa chachinyengo.

Masiku ano kwabwera mawu akuti "tiyiike pa kompyuta," ndipo anthu amawalandira monga ngati kompyuta ikalankhula mlandu watha. Kachida kameneka nkabwino, ndipo nkoyenera kupezeka m'galaja iliyonse, pakuti kena kamalumikizidwa ku foni ya m'manja ndipo sikadula kuposa tayala limodzi. Kamalowetsedwa pa kabowo ka mano 16 kunsi kwa chiwongolero, motsata dongosolo la OBD-II limene America idalamula kuyambira 1996, ndipo kamaonetsa manambala: P0441 kunena kuti nthunzi siikuyenda moyenera kupita ku injini, P0443 kunena za magetsi a purge valve, P0446 za njira yopumira, P0455 kuti pali pothawira mpweya papakulu, P0442 papang'ono, P0456 papang'ono zedi, bowo la theka la milimita. Koma nambala imatchula dera limene kuli vuto, siitchula chitsulo cholakwa. P0443 ikhoza kukhala valavu yopsa, ikhozanso kukhala waya wodyedwa ndi khoswe kapena pulagi yosalowa bwino. P0455 kawirikawiri imangokhala chitsekerero chosamanga. Komanso pali chinthu chimene ambiri owerenga za magalimoto pa intaneti sachizindikira: manambala onena za pothawira mpweya ndi a magalimoto opangidwira msika wa ku America, amene amadziyeza okha thanki, pamene ambiri opangidwira msika wa ku Japan, amene ndiwo adzaza misewu yathu, alibe zida zodziyezera motero. Paipi ikhoza kung'ambika, makala nkumira, galimoto nkununkha mudzi wonse, nyali ya check engine osayaka, kompyuta nkunena kuti zonse zili bwino. Za iwo amene amangofufuta nambala kuti nyali izime, nalandira ndalama, kapena kuchotsa babu la nyaliyo pogulitsa galimoto, sindinena zambiri. Chikumbumtima chawo chiwauze.

Chifukwa chake ntchito yeniyeni ibwerera ku mphuno, maso ndi manja a mmisiri, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Mmisiri wodziwa amayamba ndi kufunsa: fungo limamveka liti, mutangomwetsa kapena nthawi zonse, imavuta kulira m'mawa kapena pa pampu, mumadzaza mpaka pati. Akatero amayang'ana chitsekerero, ngati nchake cha galimotoyo ndiponso ngati kalabala kake kozungulira sikadang'aluke. Amatsata mapaipi ndi dzanja kuchokera ku thanki mpaka ku injini, kufunafuna ouma, osweka ndi ovuka. Amamasula purge valve naiyesa ndi kapampu ka m'manja: yopanda magetsi iyenera kukhala yotsekeka ndithu, osadutsa mpweya, akaipatsa mavoti 12 a batire iyenera kulira kuti "thi" nitseguka, ndipo akaigogoda pa chikhatho nkugwa timibulu takuda, adziwa kuti kugula valavu yokha nkutaya ndalama, pakuti kabokosi ka makala kadzaiphanso. Kabokosiko amakanyamula kumva kulemera kwake, popeza komira m'petulo kamalemera ndipo mwina kamachucha, naona ngati njira yake yopumira ili yotseguka. Pothawira pobisika amapapeza ndi makina opopa utsi, kapena, kumene kulibe makinawo, ndi mpweya wofewa kwambiri ndi madzi a sopo. Osati ndi kompuresa yopopera matayala, imene ikhoza kuphulitsa thanki, osati poyamwa paipi ndi pakamwa, ndipo osati ndi machesi. Ntchito yonseyi mwina itha ola limodzi, ndipo mathero ake kawirikawiri amakhala kapaipi kotalika ngati chikhatho kapena chitsekerero chatsopano.

Apa ndiye pali mutu wa nkhani yanga. Mmisiri amene wagwira ntchito ya ola lathunthu, napeza kuti vuto ndi kapaipi, adzalipidwa chiyani? Mwini galimoto adzayang'ana kapaipiko nati, "Basi, kakang'onong'ono komweka? Nayi ya sopo, amisiri." Koma amene adangomvera kulira kwa injini nati pampu yatha, natuma mnyamata kukagula ina ku Lilongwe, naimanga thukuta lili kamukamu, adzalipidwa mokwanira ndi kuthokozedwa pamwamba. Tazolowera kulipira chitsulo chooneka ndi thukuta looneka, ndipo nzeru timaiyesa yaulere. Potero taphunzitsa amakaniko athu, ambiri mwa iwo anthu aluso lodabwitsa amene amaukitsa magalimoto oti kwawo adawataya kale, kuti kufufuza kulibe phindu ndipo kulota nkwabwino. Kale kuchipatala thupi lililonse lotentha linkatchedwa malungo, munthu napatsidwa mankhwala osayezedwa, ena nachira mwamwayi, ena napitirira kudwala chibayo akumwa mankhwala a malungo. Lero timatambasula chala kuti atiyeze magazi tisanalandire LA, ndipo palibe wanzeru amene amati kuyezako nkutaya nthawi. Galimoto nayo iyezedwe, ndipo kuyezako kukhale ndi mtengo wake, wogwirizana ntchito isanayambe, wolipidwa ngakhale vuto litapezeka kuti ndi chitsekerero chabe. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chidakwera nayo, ndipo kusintha zitsulo mongoyerekeza, kumene kale kunali kutaya ndalama, tsopano nkutaya chakudya cha ana. Koma wolandira malipiro a kuyeza nayenso akhale ndi mangawa ake: aonetse mwini galimoto chimene wapeza, amuyesere valavu pamaso pake, ndipo vuto likabwerera osachira, ayezenso popanda kulipiritsa.

Ndidziwa yankho lina limene limaperekedwa pansi pa mitengo ya m'magalaja ambiri: "Zimenezi nza azungu, tingozichotsa." Kabokosi kamasulidwa nkutayidwa, paipi yochokera ku thanki nisiyidwa ili lende kunsi kwa galimoto kapena nitsekedwa ndi bawuti. Nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi. Mukaisiya yotseguka, nthunzi imatulukira pafupi ndi ekizozi yotentha ndi pansi pa mipando ya anthu, fumbi ndi chinyezi nkulowera pomwepo kukaononga pampu, makamaka popeza ethanol amakoka madzi. Mukaitseka, thanki isowa potulutsira nthunzi pa tsiku lotentha la mu Okutobala, niyamba kufunafuna malo ofooka m'misoko yake ndi m'malabala ake. Ndipo paipi ya ku injini ikasiyidwa yosatseka, injini imakoka mpweya umene kompyuta sidauwerenge, niyamba kunjenjemera, nambala ina yakuti P0171 nitulukira, mwini galimoto nayambanso ulendo wogula zitsulo. Ndivomera kuti kabokosi katsopano nkodula ndipo sikapezeka pa Linthipe kapena pa Chimbiya. Koma kochotsedwa ku galimoto yakufa ya mtundu womwewo, kouma ndi kosafumbutuka, kamagwira ntchito, ndipo kusamala kamene kalipo kale sikulira ndalama konse: kuleka kumwetsa pamene pampu yadzizimitsa koyamba, kumanga chitsekerero mpaka chilire, ndi kutokosa njira yopumira pamene galimoto ikusinthidwa oyilo.

Akuluakulu a TEVETA, amene ali ndi udindo pa maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, pamodzi ndi masukulu a zaumisiri monga a ku Lilongwe, Namitete ndi Salima, ndiwapempha mwaulemu kuti akumbukire amisiri a m'misika ya m'mbali mwa misewu, amene ambiri adaphunzira ntchito popatsira sipanala kwa amalume awo m'masiku a kabuleta, ndipo tsopano akulandira magalimoto olamulidwa ndi kompyuta popanda wowafotokozera. Maphunziro a masiku ochepa, m'Chichewa, pa malo awo omwewo, ndi valavu ndi kabokosi zili m'manja, angawathandize kuposa satifiketi. Ndipo popeza boma lidaona kuti utsi wa magalimoto ndi nkhani yoyenera msonkho, niliika msonkho wa carbon mu 2019, sichikhala chachilendo kupempha kuti oyeza magalimoto popereka chiphaso cha COF, pamene ayang'ana mabuleki, magetsi ndi matayala, aziyang'ananso ngati thanki ili ndi chitsekerero chake chenicheni, ngati kabokosi ka makala kalipo ndi mapaipi ake, ndi ngati nyali ya check engine imayaka potembenuza kiyi ndi kuzima injini ikalira. Kuyang'ana zitatuzi sikutha mphindi zisanu, ndipo sikufuna makina ogula kunja.